Wharram Percy: mafunso ndi mayankho okhudza mudzi wa alimi umene unasanduka bwinja

M'dziko la England muli mabwinja pafupifupi 3,000 a midzi yakale, imene kale munkafuka utsi ndi kulira ng'ombe koma lero ndi msipu wokhawokha. Lodziwika kuposa onse ndi bwinja la Wharram Percy. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira mbiri yakale, komanso kwa anthu okhala kumpoto kwa England amene amafuna kukaona malowo.

Kodi Wharram Percy ndi malo otani, ndipo ali kuti?

Ndi bwinja la mudzi wa alimi m'chigawo cha North Yorkshire, makilomita pafupifupi 11 kum'mwera chakum'mawa kwa tauni ya Malton, m'dera la zitunda lotchedwa Yorkshire Wolds. Zitunda zimenezi ndi za miyala ya choko imene imamwa madzi a mvula msangamsanga, moti zigwa zambiri za kumeneko n'zouma, zopanda ngakhale kamtsinje. Chigwa cha Wharram n'chosiyana ndi zinzakezo chifukwa m'munsi mwake muli akasupe amene madzi ake amapanga kamtsinje, ndipo madzi amenewa ndiwo anakopa anthu kuti akhazikike pamalopo.

Mudziwo unakhala ndi anthu kwa zaka pafupifupi 600, kuyambira cha m'ma 900 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500.

Munthu akafika pamalowo lero amaonapo chiyani?

Zinthu zoimirira zilipo ziwiri zokha. Choyamba ndi tchalitchi cha St Martin, chopanda denga, chimene mbali imodzi ya nsanja yake inagwa. Chachiwiri ndi mdadada wa tinyumba ta njerwa timene tinamangidwa mudziwo utatha kale. Kum'mwera kwa tchalitchicho kuli dziwe limene madzi ake ankayendetsa chigayo.

Mudzi weniweniwo uli pansi pa udzu, pamwamba pa chitunda chakumadzulo kwa chigwacho. Munthu wongodutsa akhoza kuona ngati ndi busa wamba, koma akaima n'kuyang'anitsitsa amayamba kuzindikira timitumbira tamakona anayi tondandalikana bwino, timene ndi maziko a nyumba. Amaonanso mizere ya dothi imene inali malire a mabwalo ndi timinda takuseri kwa nyumba, ndiponso ngalande zazikulu zimene zinali misewu, zokumbika ndi mapazi a anthu, ziboda za ziweto ndi mawilo a ngolo. Zonsezi zimaoneka bwino m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapendeka, pamene kamtumbira kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake.

Mudziwo unayamba liti, nanga dzina la Percy linachokera kuti?

Pamalopo panali anthu kalekale mudziwo usanakhalepo. Ofukula anapeza zizindikiro za mafamu a nthawi ya Aroma, komanso zinthu zimene anasiya a Anglo-Saxon, anthu amene anakhala m'England Aroma atachoka, kuphatikizapo malo osulira zitsulo. Koma mudzi wa nyumba zoyandikana, wokhala ndi tchalitchi ndi manda ake, unaumbika cha m'zaka za m'ma 900. Mu kalembera wamkulu wa malo amene mfumu William analamula, wa 1086, wotchedwa Domesday Book, mudziwo ulimo.

Dzina la Percy ndi la banja limene linapeza malo m'mudzimo m'zaka za m'ma 1100. Poyamba linkagawana ulamuliro ndi banja la Chamberlain, koma mu 1254 a Chamberlain anatula zonse kwa Peter de Percy. Dzinali limathandizanso kusiyanitsa mudziwu ndi wina woyandikana nawo, Wharram-le-Street, umene ulipo mpaka lero.

Munkakhala anthu angati, ndipo ankalima motani?

Mudziwo unafika pachimake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Nthawi imeneyo munali mabwalo pafupifupi 40 ndi anthu pafupifupi 200. Nyumba zinali m'mizere itatu mozungulira bwalo la udzu la mudzi wonse, ndipo kufanana kwa kukula kwa mabwalowo kumasonyeza kuti alipo amene anayeza ndi kugawa malowo mwadongosolo, osati kuti aliyense ankangomanga pamene wafuna.

Minda sinali yopatukana banja ndi banja. Kuzungulira mudzi kunali minda ikuluikulu yopanda mipanda, yogawidwa m'zigawo zazitali zopapatiza, ndipo banja lililonse linkakhala ndi zigawo zingapo zomwazikana, china pa nthaka yabwino, china pa nthaka ya miyala. Ankadzala tirigu, balere, mbewu ya oats ndi nsawawa. Chaka chilichonse gawo lina la mindayo ankaligoneka kuti nthaka ipume, n'kumadyetsamo ziweto kuti ndowe zibwezeretse chonde. Polima ankagwiritsa ntchito pulawo yokokedwa ndi ng'ombe, ndipo popeza si banja lililonse limene linali ndi ng'ombe zokwanira goli, anthu ankasonkherana.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira powerenga za kutha kwa mudziwo. Ulimi wotere unkadalira kuchuluka kwa manja ndi mgwirizano wa mabanja onse: nthawi yolima, yokolola ndi yotsekulira ziweto inkagwirizanidwa pamodzi. Mabanja akachepa, otsalawo sankangosowa anansi ocheza nawo ayi, ulimi wawo umene unkayamba kulemera.

Nyumba zawo zinali zotani?

Zambiri zinali nyumba zazitali, za mamita pakati pa 15 ndi 23, za denga la udzu. Anthu ankakhala mbali imodzi, ng'ombe mbali inayo, ndipo pakati pankadutsa kanjira kochokera kukhomo lakutsogolo kukafika kukhomo lakuseri. M'dera lozizira ngati limenelo, kugona denga limodzi ndi ng'ombe kunkathandiza kuti m'nyumba muzifunda. Moto ankasonkha pansi pakati pa chipinda, utsi n'kumatulukira m'denga. Pansi ankasesapo kwambiri moti m'nyumba zina pansipo panakumbika, ndipo zidutswa za miphika ofukula anazipeza kwambiri panja, kumene ankataya zinyalala.

Makoma anali a miyala ya choko yokumbidwa m'mabwalo momwemo. Poyamba akatswiri ataona kuti makomawo ankamangidwanso pafupipafupi, anaganiza kuti nyumbazo zinali zisakasa zosakhalitsa, zongokwana mbadwo umodzi. Katswiri wina, Stuart Wrathmell, ataunikanso zimene zinafukulidwa anasonyeza kuti kulemera kwa denga sikunali pamakoma. Kunali pa mitengo ikuluikulu yokhota, yoimikidwa iwiriiwiri n'kukumana pamwamba. Khoma likagumuka ankangolimanganso, nyumba ili chiimire. Choncho zinali nyumba zolimba, zomangidwa ndi amisiri, zokhoza kukhala zaka zambirimbiri. Pamenepa chithunzi cha alimi a Wharram chimasintha: sanali anthu ongokhalira lero, koma anthu amene ankamanga poganizira ana ndi adzukulu.

Kodi malowo anali a alimiwo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malo onse anali a mwinimalo, ndipo mlimi ankalima chifukwa chololedwa, polipira lendi ya ndalama kapena kukagwira ntchito m'munda wa mwinimaloyo. Monga zinalili m'midzi yambiri ya ku England nthawi imeneyo, ankayeneranso kugayitsa mbewu zake pa chigayo cha mwinimalo ndi kupereka chakhumi ku tchalitchi. Amene amadziwa mbiri ya thangata m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amvetsa msanga mmene munthu angabadwire pamalo, n'kuikapo makolo ake m'manda, koma osakhala ndi mphamvu yokana tsiku limene mwinimalo wanena kuti achoke.

Eni malo anali ndi nyumba zawo zazikulu m'mudzi momwemo. Ya kum'mwera inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo chipinda chake chapansi, cha miyala yosemedwa bwino, chinapezeka pansi pa maziko a nyumba za alimi zimene zinamangidwa pamwamba pake iyo itagwetsedwa. Ya kumpoto, yokhala ndi nkhokwe yaikulu ndi nyumba zina zogwirira ntchito, inali likulu la a Percy atatenga mudzi wonse. Pamene mwinimalo ankakhala m'mudzi momwemo, ankafuna alimi ambiri chifukwa chuma chake chinali m'manja mwawo.

Anthu ambiri amati mudziwo unatha ndi mliri wa Black Death. Kodi ndi zoona?

Si zoona, ngakhale kuti mliriwo unaupweteka kwambiri mudziwo. Mavuto anayamba mliri usanafike. Kuyambira mu 1315 mvula yosalekeza inawononga mbewu kwa zaka zingapo ndipo ku Ulaya kunagwa njala yaikulu, kenako matenda anapha ng'ombe zambiri, ndipo mu 1322 asilikali a ku Scotland analowa m'Yorkshire n'kuwononga midzi. Nthawi yomweyo banja la Percy linasowa mwana wamwamuna wolowa m'malo, chuma n'kutsalira mwana wamkazi wamng'ono dzina lake Eustachia. Zolembedwa za mu 1323 zimasonyeza kuti magawo awiri mwa atatu a minda anali osalimidwa, mabwalo ena analibe anthu, ndipo zigayo ziwiri za m'mudzimo zinali zitaleka kugwira ntchito.

Mliriwo unafika ku Yorkshire mu 1349. M'dziko lonse la England unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse, mwinanso kufika theka la anthu onse, ndipo ku Wharram unapha ngakhale Walter de Heslerton, mwamuna wa Eustachia. Komabe mudziwo unadzukanso. Pofika mu 1368 nyumba pafupifupi 30 zinali ndi anthu, chigayo chimodzi chinali chitayambanso kugaya, ndipo m'madziwe ankagwiramo nsomba zobweretsa ndalama. Chimene chinali chitawonongeka ndi nyumba ya mwinimalo, chifukwa munalibenso wokhalamo. Mudzi umene unakhalapobe zaka zoposa 150 mliri utadutsa sitinganene kuti unaphedwa ndi mliriwo.

Nanga chinathetsa mudziwo n'chiyani?

Ndi nkhosa, kapena kunena molondola, ndi chisankho cha eni malo amene anawerengera n'kupeza kuti nkhosa zikupindulitsa kuposa anthu.

Cha m'ma 1400 mudziwo unachoka m'manja mwa a Percy n'kulowa m'manja mwa banja la Hilton, limene kwawo kunali kutali kumpoto, pafupi ndi Sunderland. A Hilton sankakhala ku Wharram. Kwa iwo mudziwo unali dzina m'buku la ndalama, ndipo ndalamazo zinkachepa chaka ndi chaka. Mliri utapha anthu ochuluka chotero, pakamwa podyetsa panachepa ndipo mitengo ya mbewu inatsika, pamene malipiro a antchito anakwera chifukwa manja anali osowa. Achinyamata ankatha kuchoka pa zitunda za nthaka yopyapyala n'kukapeza minda yabwino kapena ntchito kwina. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1400, ku Wharram kunatsala mabanja pafupifupi 16.

Nthawi yomweyo ntchito yoomba nsalu za ubweya inkakula m'England, makamaka kumadzulo kwa Yorkshire, m'matauni ngati Halifax, Leeds ndi Wakefield. Ubweya unali ndi msika, ndipo udzu waufupi wa pa zitunda za choko ndi msipu umene nkhosa zimaukonda. Munda wa tirigu umafuna olima, opalira, okolola ndi opuntha, koma gulu lalikulu la nkhosa limangofuna abusa owerengeka. Mwinimalo sankafunikanso mudzi.

Kuchotsa anthu sikunachitike tsiku limodzi. Lendi ya banja ikatha kapena mlimi akamwalira, mwinimalo ankangosiya bwalolo lopanda munthu n'kuphatikiza minda yake ku msipu. Monga tafotokozera pa funso la ulimi, banja lililonse lochoka linkachititsa kuti otsalawo avutike kupeza ng'ombe zokwanira goli ndi manja okwanira kukolola. Pomaliza panabwera kukakamiza kwenikweni: cha m'ma 1500 mabanja anayi anathamangitsidwa ndipo nyumba zawo zinagwetsedwa. Mu 1527 minda imene inatsala inasandutsidwa msipu. Pofika mu 1543, munthu wina wobwereka malowo, John Thorpe, ankawetapo nkhosa 1,240.

Ndikofunika kunena mosabisa kuti panalibe chilala, nkhondo kapena matenda amene anachititsa kuti anthu otsirizawo achoke. Akasupe ankatumphukabe, nthaka inkaberekabe, nyumba zinali zolimba. Chimene alimiwo analibe ndi mphamvu pa nthaka imene makolo awo analima kwa mibadwo yambiri.

Kodi boma la nthawiyo silinachitepo kanthu?

Linayesa, koma mochedwa ndiponso mofooka. Zimene zinachitika ku Wharram zinkachitikanso m'midzi yambiri, makamaka m'chigawo chapakati cha England, ndipo akuluakulu a boma ankaopa kuti alimi akatha m'midzi dziko lidzasowa chakudya, okhoma msonkho ndi amuna opita kunkhondo, komanso kuti m'misewu mudzadzaza anthu oyendayenda. Mu 1489 anakhazikitsa lamulo loti nyumba iliyonse yokhala ndi munda wa maekala 20 kapena kuposerapo isagwetsedwe. Mu 1517 Kadinala Thomas Wolsey, nduna yaikulu ya mfumu, anatumiza nthumwi m'zigawo kukafufuza za nyumba zogwetsedwa ndi minda yosandutsidwa msipu kuyambira mu 1488. Nkhani ya mabanja anayi aja timaidziwa chifukwa cha kafukufuku ameneyu. Koma kulemba mlandu m'buku sikunabwezere aliyense pakhomo pake, ndipo patangodutsa zaka khumi minda yonse ya Wharram inali msipu.

Anthu atachoka, malowo anangokhala opanda kanthu?

Ayi. Panatsala nyumba ya wansembe ndi famu imodzi. Malowo anagulitsidwa kangapo: mu 1573 anagulidwa ndi Matthew Hutton, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wamkulu wa York, kenako analowa m'manja mwa banja la Buck, ndipo mu 1833 anagulidwa ndi Lord Middleton. M'zaka za m'ma 1770 a Buck anamanga famu yatsopano pafupi ndi tchalitchi. Chigawo chimodzi cha famuyo n'chimene chinadzasandutsidwa tinyumba ta antchito tatchulidwa pa funso lachiwiri, ndipo anthu anakhalamo mpaka mu 1976. Mu 1853 m'chigwamo munadutsa njanji yolumikiza Malton ndi Driffield, imene inaleka kunyamula anthu mu 1950 n'kutsekedwa mu 1958.

Chimene chinateteza bwinjalo ndi nkhosa zomwezo. Chifukwa malo a nyumba anakhala msipu kwa zaka mazanamazana osalowamo pulawo, maziko ndi misewu zinasungika pansi pa udzu, pamene m'mabwinja ambiri makasu a mathirakitala anafafaniza zonse.

Zinatheka bwanji kuti tchalitchi chikhalebe zaka 400 mudzi utatha?

Tchalitchi cha St Martin sichinali cha Wharram Percy yokha. Parishi yake inali ndi midzi isanu: Wharram Percy, Thixendale, Raisthorpe, Burdale ndi Towthorpe. Inayi mwa imeneyi inatha, ndipo Thixendale yokha ndiyo inatsala. Anthu a ku Thixendale anapitiriza kuyenda makilomita angapo kudutsa zitunda kukabatizitsa ana, kukamangitsa maukwati ndi kukaika maliro m'chigwa chopanda mudzi. Mu 1870 anamangiridwa tchalitchi chawo, ndipo kuyambira pamenepo St Martin inayamba kusowa anthu. Mapemphero otsiriza anachitika mu 1949, ndipo mu 1959 mbali imodzi ya nsanja inagwa.

Makoma a tchalitchichi amafotokoza okha mbiri ya parishiyo. Chinayamba ngati kanyumba ka mitengo, kenako chinamangidwa ndi miyala, ndipo m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, anthu akuchuluka, anachikulitsa powonjezera zipinda m'mbali zonse ziwiri. Anthu atachepa zipindazo anazigwetsa, n'kutseka ndi miyala mipata yokhota imene inkalowera m'menemo. Mipata yotsekedwayo ikuonekabe m'makoma, ndipo mlendo akhoza kuigwira ndi dzanja.

Ndani anafukula mudziwo, ndipo n'chifukwa chiyani ntchitoyo imatchuka chotere?

Anayambitsa ndi Maurice Beresford, mphunzitsi wa mbiri ya zachuma pa yunivesite ya Leeds, amene anafika pamalowo mu 1948. Nthawi imeneyo akatswiri ena ankakayikira kuti midzi yambiri inathadi, ndipo ena ankati ngati inatha ndiye kuti ndi mliri. Beresford anayamba kukumba mu 1950 pofuna kutsimikizira kuti timitumbirato tinalidi nyumba. Mu 1952 anagwirizana ndi John Hurst, katswiri wofukula zinthu zakale wochokera ku Cambridge, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa gulu lofufuza za midzi yakale imene inatha. Ntchito ya ku Wharram inkachitika chilimwe chilichonse, milungu ingapo pachaka, mothandizidwa ndi anthu ongodzipereka amene ankagona m'matenti ndi m'tinyumba tija, ndipo inapitirira mpaka mu 1990.

Kutchuka kwake kuli pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mpaka nthawi imeneyo ofukula ankathamangira nyumba za mafumu, malinga a nkhondo ndi nyumba za amonke, koma ku Wharram anathera zaka 40 pa nyumba za alimi wamba, anthu amene sanasiye kalata kapena buku. Chachiwiri ndi kafukulidwe kake. M'malo mokumba timaenje topapatiza, Hurst anatengera njira ya ku Denmark yosenda malo aakulu pang'onopang'ono, n'kulemba pamene mwala uliwonse ndi chidutswa chilichonse chapezeka. Njira imeneyi ndiyo inaonetsa kuti pansi pa nyumba imodzi pali zotsalira za nyumba zina zakale. Ngakhale ntchitoyo inatenga zaka zonsezo, gawo limene linafukulidwa silifika ngakhale limodzi mwa magawo khumi a mudziwo. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'mabuku 13, lotsiriza mu 2012.

Mafupa a m'manda akutiuza chiyani za moyo wa anthuwo?

M'manda a St Martin munafukulidwa mafupa a anthu 687, ndipo amene anawaunika kwa nthawi yaitali ndi katswiri wa mafupa Simon Mays. Popeza manda anali a parishi yonse, mafupawo akuimira anthu a midzi isanu ija. Kufukula manda si nkhani yopepuka, ndipo munthu akhoza kudzifunsa ngati kunali koyenera. Koma n'zoonanso kuti palibe china chimene chatiyandikizitsa kwa anthuwa kuposa mafupa awo.

Mafupa a makanda akusonyeza kuti amayi ankayamwitsa mpaka mwana atakwanitsa pafupifupi chaka ndi theka, ndipo nthawi yonseyo mwana ankakula bwino. Akangoleka kuyamwa, kukula kunkabwerera m'mbuyo chifukwa cha chakudya chosakwanira ndi matenda, moti mwana wa zaka 14 ankatalika ngati mwana wa zaka 10 wa ku England lero. Komabe ankapitiriza kukula mpaka atapitirira zaka 20, ndipo akuluakulu sanali aafupi kwenikweni: amuna ankafika masentimita pafupifupi 169, akazi 158. Makanda pafupifupi 15 mwa 100 alionse ankamwalira, chiwerengero chotsika poyerekeza ndi cha m'matauni a nthawi zakale, ndipo akatswiri amati kuyamwitsa nthawi yaitali kunathandiza. Amene apulumuka ubwana ambiri ankapitirira zaka 50.

Zina zimene zinapezeka n'zosayembekezeka. Amanzere analipo pafupifupi 16 mwa 100 alionse. Amayi okalamba anali ndi vuto la kufooka kwa mafupa mofanana ndi amayi a masiku ano, ngakhale kuti ankagwira ntchito zolimba moyo wawo wonse. Chifuwa chachikulu chinalipo. Anthu ankadyanso nsomba za m'nyanja yamchere, umboni wakuti mudziwo unkagula ndi kugulitsa ndi madera ena. Mwa akuluakulu, amuna anali ochuluka kuposa akazi, ndipo ena amaganiza kuti atsikana ankapita kukagwira ntchito m'matauni ngati York.

Chigaza chimodzi n'choyenera kuchitchula pachokha. Ndi cha mwamuna wa zaka pafupifupi 40 amene anakhala ndi moyo cha m'zaka za m'ma 1000. Anamenyedwa m'mutu ndi chinthu cholemera, fupa n'kulowa m'kati. Wina anapala fupalo mosamala n'kuchotsa zidutswa zimene zinkapanikiza ubongo, ndipo m'mphepete mwa balalo fupa linamera n'kusalala, kusonyeza kuti munthuyo anachira n'kukhalanso ndi moyo. Luso loterolo linkapezeka ngakhale kwa mlimi wa kumudzi wakutali.

Nanga nkhani ya mafupa odulidwadulidwa imene inamveka m'nyuzipepala ndi yotani?

Amenewa si a m'manda atchulidwa pamwambapa. Ndi mafupa 137 a anthu osachepera khumi, amuna, akazi ndi ana, amene anapezeka m'dzenje pakati pa nyumba, kutali ndi tchalitchi. Ndi a pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1300. Mu 2017 akatswiri a bungwe la Historic England ndi a yunivesite ya Southampton analengeza kuti mafupawo ali ndi zipsera za mpeni, makamaka pamutu ndi pakhosi, ena anathyoledwa, ena anawotchedwa, ndipo zonsezi zinachitika anthuwo atamwalira kale.

Akatswiriwo anaunika maganizo angapo. Mano a anthuwo anasonyeza kuti anakulira m'dera lomwelo, choncho sanali adani ochokera kutali. Anaganiziranso zoti mwina anthu anadya anzawo pa nthawi ya njala, koma zipsera za mpeni sizili pamalo pamene munthu wofuna nyama amadula. Chimene chinatsala, ndipo chimagwirizana ndi zolemba za amonke a ku Yorkshire a nthawi imeneyo, n'chakuti anthu ankaopa mizukwa. Ankakhulupirira kuti munthu wina akhoza kudzuka m'manda n'kumavutitsa amoyo ndi kufalitsa matenda, ndipo njira yomuletsa inali kufukula mtembo, kuudula mutu, kuthyola miyendo ndi kuutentha. Akatswiriwo anapereka zimenezi ngati kufotokoza kogwirizana kwambiri ndi umboni umene ulipo, ndipo n'koyenera kuti ifenso tizitenge motero.

Kodi midzi yonse 3,000 inatha mofanana ndi Wharram Percy?

Ayi. Ingapo inathadi ndi mliri. Ina m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kwa Yorkshire inamezedwa ndi madzi, ina inasamutsidwa ndi amonke ofuna malo owetera, ndipo ina inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1700 chifukwa eni malo olemera sankafuna kuona nyumba za osauka pawindo la nyumba zawo. Koma gulu lalikulu ndi la midzi imene inatha pakati pa 1450 ndi 1520, mwa njira yofotokozedwa pa funso la nkhosa: mudzi waung'ono, wofooka kale, wa mwinimalo mmodzi. Midzi ya eni malo angapo, kapena yokhala ndi alimi amene malo anali awoawo, inali yovuta kuithetsa chifukwa panalibe munthu mmodzi woti n'kulamula kuti onse achoke.

Kodi munthu akhoza kukaona malowo?

Inde. Malowo amasamalidwa ndi bungwe la English Heritage, salipiritsa polowa, ndipo munthu akhoza kupitako masana tsiku lililonse. Galimoto imasiyidwa pamalo oimikapo kufupi ndi Wharram-le-Street, kenako pali ulendo wapansi woposa kilomita imodzi, wotsetsereka ndiponso wamatope ikagwa mvula, choncho nsapato zolimba n'zofunika. Njira ya oyenda pansi ya Yorkshire Wolds Way imadutsanso pomwepo. Pamalowo palibe sitolo kapena chimbudzi. Pali zikwangwani zofotokoza mbali zosiyanasiyana za mudziwo, ndipo pamene panali nyumba zina zofukulidwa anajambulapo malire pansi kuti mlendo aone kukula kwake. M'busamo nthawi zambiri mumakhala ng'ombe, motero wopita ndi galu ayenera kumugwira pachingwe. Lamulo limaletsa kukumba, kutola miyala kapena kufufuza zitsulo ndi makina pamalowo.